Wotola Zotsala m'Phiri la Mulanje

Kankhirani chikuni icho m'kati, utsi ukundilowa m'maso. Nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi ndi ya mwendo wanga wamanzerewu, ndipo wofuna kuseka asekeretu pano, chifukwa koyambiriraku n'koseketsadi.

Ine Layisoni ndinasenza katundu wa alendo m'phiri la Mulanje zaka khumi ndi chimodzi osaterereka ngakhale kamodzi. Ndinakwerapo Sapitwa mvula ikugwa. Ndinatsikapo ku Chambe nditabereka mzungu wodwala malungo. Koma mwendo ndinakauthyolera kuseri kwa nyumba yanga, mumtengo wa mapeyala, ndikuthyolera apongozi anga mapeyala awiri. Nthambi inangoti thyo, ine pansi khu, msongolo pawiri. Apongoziwo mapeyala awo anadya ndithu.

Kuchipatala anandiika chikhakha, ndipo ndinakhala nacho miyezi itatu. Atachichotsa, mwendo unatuluka wowonda ndi wotuwa ngati mtengo wa chinangwa. Kuyenda ndinkayenda, koma motsimphina, phazi likukhwekhwereza pansi, moti mkazi wanga ankandizindikira ndisanafike n'komwe pakhomo. Kunja kukazizira, fupalo linkagunda m'kati ngati lili ndi mtima wakewake.

Tsono gulu lathu la osenza katundu linali ndi lamulo. Munthu akadwala nthawi yaitali, asanapatsidwenso mlendo, ankayenera kukwera ndi katundu mpaka kukanyumba ka alendo ka ku Chambe n'kutsika tsiku lomwelo, wapampando akuona ndi maso ake. Akalephera, dzina lake linkachotsedwa pamndandanda, ndipo ofuna malowo sankasowa. Ine kamunda kanga n'kongokwana kuyalapo mphasa zingapo. Ana anga anayi ankadya za m'phirimo. Dzina langa likanachoka, sindikudziwa kuti ndikanalowera kuti.

Tsiku langa linafika m'mwezi wa Juni. Tinanyamuka atatu m'mawa: ine, a Makwinja amene anali atcheya athu, ndi a Namakhwa. A Makwinja anali munthu wachilungamo, koma chilungamo chake chouma, chosathira mchere. A Namakhwa ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Ankandiposa ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinkawaitana kuti achimwene ngakhale sitinali pachibale. Aliyense anasenza thumba la katundu wa mlonda wa kumtunda kuja: ufa, mchere, parafini ndi misomali yokonzera denga.

Pali mwambo wina wa gulu lathu umene muyenera kuumvetsa, apo ayi nkhaniyi ikudutsani. Poyenda m'phiri, wofooka amatsogola, kuti onse aziyenda pa liwiro lake. Wamphamvu amakhala pambuyo, ndipo ntchito ya wapambuyo ndi kutola. Alendo amangogwetsa zinthu njira yonse: zipewa, mabotolo, magalasi, mapepala a maswiti. Wapambuyo safunsa kuti n'chayani, sasankha chabwino ndi chonyansa. Amatola, amasenza, ndipo pofika pathanthwe lopumirapo amaziyala poyera kuti aliyense atenge chake. A Namakhwa anakhala wapambuyo zaka makumi awiri. Ankakonda kunena kuti phiri silifuna mzere wopanda mchira, ine n'kumangoti ndi zokamba za akuluakulu.

Titawoloka mtsinje wa m'munsi mwa phiri, a Makwinja anapatuka kukataya madzi, ndipo ine ndinawakokera a Namakhwa pambali.

"Achimwene, lero mundisiyire ine kumbuyo."

"Iwe Layisoni, wolumala amatsogola. Waiwala?"

"Sindinaiwale. Koma ndikatsogola, atcheya aziyang'ana mwendowu kuyambira pano mpaka ku Chambe. Ndikakhala kumbuyo aziona nkhope yokha akacheuka, ndipo nkhope ndikhoza kuilimbitsa."

A Namakhwa anayang'ana kuphiri, kenako anayang'ana bandeji imene ndinamanga pamsongolo.

"Ukutha kuwerama utasenza?"

"Ndikutha."

Linali bodza. Ndi thumba lija kumsana, kuwerama kunali kudzigwetsa. Anadziwa kuti ndi bodza, koma anandimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho chinawapweteketsa. A Makwinja atabwerera anangoti, "Zili kwa inu. Ine ndikungofuna ndione munthu atakwera n'kutsika ndi miyendo yake."

Ola loyamba ndinapirira. Ola lachiwiri, njira itayamba kuimirira pamatanthwe osalala aja, mwendo unayamba kundilankhula. Sitepe iliyonse inali ngati wina akukhoma msomali m'fupa. Anzangawo ankatalikira pang'onopang'ono, ine n'kumakuwa kuti, "Ndikubwera, ndikumanga nsapato," mpaka nsapato zija ndinazimanga kasanu.

Cha m'ma teni koloko chiperoni chinatsika. Amene munakhalapo kuno mukuchidziwa. Nkhungu imangobwera mwakachetechete, mitengo n'kusanduka zithunzithunzi, dzuwa n'kuzimiririka ngati silinatulukepo. Mbalame zonse zinati zii. Kutsogolo ndinkangomva chifuwa cha a Makwinja, chifukwa anali munthu wa fodya.

Apo m'pamene ndinaona bokosi la machesi pakati panjira. Linali la a Makwinja, linagwa m'thumba mwawo. Ndinaima n'kuliyang'ana, ilo likundiyang'ananso. Ndinayesa kupinda bondo, maso anachita mdima. Ndinadziuza kuti machesi si kanthu, ndidzawagulira ena. Ndinalidumpha n'kupitirira.

Ndisanayende masitepe khumi, kumbuyo kwanga kunamveka kaphokoso. Tsekete. Mmene limalirira bokosi la machesi munthu akamalitola.

Muyenera kudziwa kuti ine ndinabadwa ndi matenda ofuna kudziwa. Mayi anga ankati ndidzafa nditasuzumira m'dzenje la njoka. Munthu wanzeru akanafulumira kukapeza anzake, koma ine ndinabwerera, ndi mwendo wowawa womwewo. Bokosi lija panalibe. Pamwala wonyowa panangotsala kamalo kouma, ka ngodya zinayi, pamene linagona. Ndinayang'ana m'tchire ngati ndi nyani, koma nyani satola chinthu mwakachetechete, amachita kulengeza.

Nditayambanso kuyenda, ndinamva mapazi. Sanali pafupi kwambiri, mwina mtunda wa apa ndi pakhomo apo. Anali mapazi opanda nsapato, oponda pamwala wonyowa mosafulumira: phwa, phwa, phwa. Ndikaima, ankaima. Ndikayenda, ankayenda. Ndinaganiza kuti mwina ndi mmodzi wa ocheka matabwa a mkungudza, chifukwa ambiri a iwo amayenda osavala nsapato, ndiye ndinapereka moni.

"Mwadzuka bwanji kumbuyoko?"

Ndinangomva fungo la utsi wa mkungudza losakanikirana ndi la chiguduli chonyowa.

Mantha ndinali nawo, sindikana. Koma chidwi chinawaposa manthawo. Ndinatulutsa nthochi m'thumba, n'kuidya, khoko n'kuliponya pansi dala. Ndinayenda masitepe khumi. Mapazi aja anaima kanthawi pamene panali khokopo, kenako n'kuyambanso. Ndinavula chipewa n'kuchigwetsa. Chimodzimodzi. Ndinataya kapepala ka mapanado kamene ndinamwa m'mawa. Ndinamva kakuti tswatswa potoledwa. Ndinayamba kuseka ndekha ngati wamisala, chifukwa zinali ngati kusewera ndi mwana wa mnzako wamanyazi, wobisala kuseri kwa chitseko.

Ndinayesa kumuona. Kucheuka mwadzidzidzi sikunathandize, ndinkangoona nkhungu. Ndinayesa kusuzumira kunsi kwa m'khwapa ndikuyenda. Ndinayesa kuyang'ana pachivundikiro cha chitini changa cha madzi ngati pagalasi. Kamodzi kokha ndinaona kuti pamalo ena nkhunguyo inali yothithikana kuposa ponse, msinkhu wa munthu wamfupi, ndipo kumwamba kwake kunali kotambalala ngati wasenza kanthu pamutu. Nditaphethira, panalibenso kanthu.

Anzanga ndinawapeza atakhala pathanthwe lopumirapo, pakati pa ulendo. Ndinalimbitsa nkhope, n'kutula thumba ngati munthu wosamva kalikonse. A Makwinja anali atapichira kale fodya wawo, akupapasa m'matumba.

"Wapambuyo, machesi anga."

Ndinayamba kufunafuna bodza, koma a Makwinja anangotambasula dzanja kuseri kwanga n'kunena kuti, "Eya, awa." Nditacheuka ndinaona zinthu zitayalidwa pathanthwepo mumzere wowongoka: bokosi la machesi, khoko la nthochi, chipewa changa, kapepala ka mapanado. Zinali m'ndondomeko yomwe zinagwera. Khoko lija linali litapindidwa bwinobwino.

A Makwinja anayatsa fodya wawo osaganiza kanthu. Koma a Namakhwa anandiona ndikufika, ndipo anaona kuti m'manja mwanga munalibe kanthu. Anayang'ana mzere uja nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kunjira kumene tinachokera, n'kuvula chipewa chawo, n'kuchivalanso.

"Tenga zako," anandiuza chapansipansi. "Ndi khoko lomwe."

Ndinatenga. Zonse zinali zofunda, ngati zinali m'thumba la munthu.

A Namakhwa anafuna kuti tisinthane malo pomwepo, koma a Makwinja anali ataimirira kale, ndipo kusinthana kukanafuna kufotokoza. Ndinawanong'oneza kuti kwangotsala pang'ono. Kunena zoona, sindinkafuna kumusiya mnzanga wa kumbuyo uja ndisanamumvetse. Ndinkafuna kudziwa kuti malire ake ali pati, n'chiyani chimene sangatole.

Chigawo chachiwiri cha njirayo n'choipa. Pali malo pamene umakwera ndi manja ndi miyendo yomwe. Pamenepo mwendo unandikana. Ndinatsamira mwala, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira, ndipo ndinalira, ine bambo wa ana anayi. Ndinadziwa kuti kukafika mwina ndikafika, koma kutsika sinditsika, ndipo a Makwinja aona zonse. Ndikudzikoka choncho, bandeji ija inakodwa pakamtengo ka minga n'kuyamba kumasuka. Inali itanyowa ndi kulemera. Sindinathe kuwerama kuti ndiimange. Inatsetsereka mpaka m'kakolo, kenako inatsala panjira.

Mapazi aja anafika pamene inagwera. Ulendo uno anaima nthawi yaitali. Ndinamva kupuma kwakukulu, monga amapumira munthu akamadzikonzekeretsa kunyamula thumba la simenti.

Ndinaponda sitepe imodzi, msomali uja sunabwere. Ndinaponda yachiwiri. Ndinaimirira ndi mwendo wamanzere wokha, thumba lili kumsana. Ndinadumpha. Ndinamenyetsa chidendene pamwala mwamphamvu, mpaka mano anagundana. Mwendo unali ngati wa tsiku limene ndinakwatira. Ndinawerama n'kuuyang'ana: unali wowonda ndi wotuwa momwemuja, chipsera chili pomwepo, koma ululu munalibe.

Nditayamba kuyenda, kumbuyo kuja kunamveka zachilendo. Phwa, khwee. Phwa, khwee. Phazi limodzi likuponda, linalo likukhwekhwereza. Ndinamvetsera bwino kuti ndidziwe kuti ndi mwendo uti, ndipo unali wamanzere. Munthu sudzimva wekha mayendedwe ako, koma tsiku limenelo ndinamva zimene mkazi wanga ankamva ndikamabwera kunyumba.

Ndinawapeza anzanga aja posachedwa, mpaka ndinayamba kuwaponda zidendene a Namakhwa. A Makwinja anacheuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi unkatinamiza eti? Munthu wothyoka mwendo ndi ameneyu?"

"Wangotenthedwa tsopano, atcheya," ndinayankha.

A Namakhwa anayang'ana pamsongolo pamene panali bandeji.

Ku Chambe tinafika dzuwa lili paliwombo, ngakhale dzuwalo sitinalione. Mlonda anatilandira katundu n'kutiwotchera mbatata. A Makwinja anakhala naye pamoto kumakamba za denga lodontha. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko, khutu lili kunja. Patapita nthawi yokwana kudya mbatata ziwiri, ndinamva khwee, khwee akuyandikira m'maudzu, kenako thabwa la pakhonde linati kwetye, ngati munthu wakhalapo molemera. Panamveka kabuulo kotulukira m'mano. Ndinakadziwa kabuuloko, chifukwa ndi kamene ndinkachita ine usiku ndikamatembenuka pamphasa.

Ndinachita manyazi. Ndinanyema mbatata yanga n'kuiika pakhondepo, ndipo ndinanong'ona kuti, "Pepani, idyani." Ndinadikira. Mbatata inazizira ili pomwepo, ndipo pamapeto pake khwangwala ndi amene anabwera kudzaitenga. Amene uja sanabwerere chakudya, anali pantchito.

A Namakhwa anandipeza pamenepo. Anakhala pambali panga, koma anasiya malo pakati pa iwo ndi thabwa linalira lija.

"Bandeji ili kuti?"

"Inagwa."

"Unaigwetsa kapena inagwa?"

"Inagwa yokha, achimwene. Zinazo ndi zimene ndinagwetsa dala."

Anapukusa mutu. "Iwe sunasinthe. Anthu amenewa saseweretsedwa, Layisoni. Alibe nkhanza, koma sadziwa kusewera."

"Ndi ndani kodi?"

"Ndikanadziwa ndikanakuuza. Ine ndinangowamvapo kamodzi, ndili wamng'ono kuposa iwe, tsiku limene ndinasiya botolo losweka panjira chifukwa cha ulesi. Ndinakalipeza pathanthwe, zidutswa zonse, ndipo ndinazitenga. Zinathera pomwepo." Anandigwira pabondo. "Potsika ndikhala ine kumbuyo. Iwe utsogole. Ukakafika pathanthwe la kumtsinje, chimene ukachipeze, ngati n'chako, ukatenge. Wamva?"

"Ndamva."

Potsika ndinauluka. Amene munathyokapo mwendo mukudziwa kuti kutsika kumapweteka kuposa kukwera, koma ine ndinkadumpha miyala ngati mbuzi. Mtima wanga unali ukuimba. Komabe khutu limodzi linali kumbuyo. Kuseri kwa chifuwa cha a Makwinja, kuseri kwa nsapato za a Namakhwa, kutali ndithu, khwee uja ankamveka, akutsalira pang'onopang'ono. Potsetsereka kwambiri ndinamva ngati wina wagwa, kenako chete, kenako khwee uja anayambanso. Ndinamumvera chisoni, koma liwiro sindinachepetse.

Pamalo ena a Makwinja anandiitana kuti ndiwadikire, akupumira m'mwamba.

"Ndaona, Layisoni. Pangotsala pamtsinje. Ukakawoloka pamiyala paja osagwira ndodo, dzina lako likhala."

Ndinathamangira kutsogolo mpaka ndinawasiya onse. Nkhungu inali itatsika nafe mpaka m'munsi, ndipo mtsinje ndinaumva ndisanauone. Tsidya la kuphiri pali thanthwe lalikulu lafulati, pamene timayala zotola komaliza tisanawoloke kupita kwathu. Musandifunse kuti wotsimphina uja anatipitirira pati, chifukwa njira ndi imodzi. Koma nditafika, pathanthwepo panali bandeji yanga.

Sinali yomasuka ngati mmene inagwera. Inali itakulungidwa mosamala, yomangidwa mfundo kunsonga zonse ziwiri, ndipo m'kati mwake munali kanthu kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. M'kuzizira konse kuja, pansaluyo pankatuluka kanthunzi. Ndinagwada, popeza tsopano ndinkatha kugwada, n'kuyang'anitsitsa. Nsaluyo inkakwera ndi kutsika pang'ono, mogunda, ndipo kugundako ndinkakudziwa.

Matenda anga aja anandigwiranso. Ndinatambasula chala chimodzi n'kukhudza mfundo. Msomali uja unalowa m'fupa mpaka ndinaluma lilime. Ndinachotsa chalacho, ululu n'kuchoka nacho. Ndinayesanso kachiwiri kuti nditsimikize, ndipo zinali chimodzimodzi.

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana phukusilo, kenako miyala khumi ndi iwiri yowolokerapo, yonyowa, ya ndere. Ndi phukusi limenelo m'manja, mwala wachitatu sindikanaufika. Ndinaganiza zoti ndiwoloke kaye, a Makwinja aone, ndidzabwerere mawa kudzalitenga. Ndinadziuza zimenezi ngati zoona, koma pansi pamtima ndinkadziwa kuti sindidzabwerera. Chapafupi m'nkhungumo panamveka kupuma kwa munthu wotopa amene watula katundu ndipo akudikira kuti mwini wake amulandire.

Chifuwa cha a Makwinja chinamveka pakona. Ndinatembenuka n'kuponda mwala woyamba.

Ndinawoloka manja ali m'thumba. A Makwinja anafika ndili pakati pamtsinje, anaima n'kundionerera mpaka ndinaponda mchenga. Anagwedeza mutu, nawonso n'kuwoloka, osayang'ana n'komwe kuthanthwe kuja. Atafika anandigwira chanza. "Lolemba ubwere, kuli alendo asanu ndi mmodzi."

Kenako a Namakhwa anatulukira. Anapita molunjika kuthanthwe, monga ankachitira masiku onse, kukaona ngati patsala kanthu. Anaima. Ndinkawaona bwino, chifukwa mtsinjewo si waukulu. Anayang'ana phukusi lija, kenako anakweza maso n'kundiyang'ana ine. Sanandikodole, sananditchule dzina. Anangondipatsa nthawi. Ine ndinayang'ana pansi n'kumakumba mchenga ndi nsapato.

Nditadzutsa mutu, anali atacheukira kunkhungu, ngati akumvetsera wina. Kenako anawerama n'kulitola phukusilo ndi manja awiri, n'kuliika m'thumba mwawo. Anaima kanthawi atagwira mwala. Ataponda mwala woyamba wowolokerapo, mwendo wamanzere unapindika, ndipo anagwera m'madzi mpaka m'chiuno.

"Ukalamba umenewo, a Namakhwa," anatero a Makwinja akuseka, n'kupita kukawakoka.

Ine sindinasunthe. Ndinamvetsera tsidya lija, ndipo ndinamva mapazi akubwerera kumtunda, onse awiri akuponda bwinobwino, mopepuka, mpaka anazimiririka.

Lolemba ndinasenza katundu wa alendo asanu ndi mmodzi aja. A Namakhwa sanabwere. Ndinamva kwa anthu kuti mwendo wawatupa, kuti apita kuchipatala, kuti adokotala atajambula anawafunsa kuti anathyoka liti msongolowo, popeza fupa linkaoneka kuti linathyokapo n'kulumikizana mokhota. A Namakhwa anali asanathyokepo ngakhale chala. Patapita miyezi itatu anayesedwa monga ndinayesedwera ine, ndipo sanafike ngakhale pathanthwe lopumirapo. A Makwinja anachotsa dzina lawo, misozi ili m'maso, koma anachotsa.

Nthawi yonseyi ine kwa a Namakhwa sindinapondeko. Ndinkazungulira njira ya kumsika kuti ndisadutse pakhomo pawo. Mkazi wanga, amene sankadziwa kanthu, ankandinyoza tsiku ndi tsiku kuti ndine munthu wosayamika, mpaka tsiku lina anandipatsa nkhuku m'manja n'kundikankhira kunja.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atauwongola pampando, akusema kabokosi ka mkungudza koti akagulitse kwa alendo. Anali ataonda. Anandilandira ngati tinaonana dzulo, n'kuitana akazi awo kuti alandire nkhukuyo. Tinakamba za mvula, za mitengo ya feteleza, za mlendo wina amene anakwera phiri atavala masilipasi. Kenako nkhani zinatha, ndipo kunangotsala kulira kwa mpeni pathabwa.

"Achimwene, ndabwera kudzatenga phukusi lija."

Anaseka pang'ono. "Wachedwa, mphwanga. Nditafika kunyumba tsiku lija ndinapeza m'thumba muli bandeji yokha, yopanda kanthu. Alamu ako anaichapa. Ndi iyo tamangira mpanda wa tomato apo."

Ndinayang'ana, ndipo inalidi pomwepo, kansalu wamba kotuwa ndi dzuwa. Ndinapita kukaigwira. Ndinaifinya ndi manja onse awiri, ndikupempha kuti msomali uja ubwere. Sunabwere.

Nditabwerera pakhonde ndinagwada pansi, ndipo mkwiyo unandigwira, mkwiyo wopusa wa munthu wolakwa.

"Munatoleranji? Munaona kuti ndachisiya dala. Mukanachisiya pomwepo, chikanaolera pathanthwe."

"Wapambuyo sasankha," anatero.

"Musandiuze za mwambo, achimwene. Mwambo ndi umene wakudyetsani miyezi yonseyi?"

Anaika mpeni pansi n'kupukuta tizipalapala pamiyendo pawo.

"Ndinaima pathanthwe paja nthawi yaitali, Layisoni. Ndinakwiya nawe, usaganize kuti ayi. Ndinafuna kuchisiya. Koma amene uja anali chiimire pambali panga, ndipo ndinamumva akuweramanso kuti achinyamule. Sasiya katundu wa munthu panjira. Mwini wake akapanda kutenga pathanthwe, amamuperekera kwawo. Akanawoloka mtsinje, akanakutsata mpaka kunyumba, n'kuchiika bwinobwino pakhomo pako." Anandiyang'ana. "Tsono tandiuza, kwanu amayamba kutsegula chitseko m'mawa ndani?"

Kwathu amayamba kutuluka ndi Tereza, mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankadzuka tonse tili m'tulo kuti akasese pabwalo asanapite kusukulu. Mwanayo anatengera ine. Chilichonse chimene wapeza pansi amatola, ndipo ngati n'chomanga amamasula kuti aone za m'kati.

Kuseri kwa nyumba nkhuku ija inasiya kulira. Kenako a Namakhwa anatsitsa mwendo uja pampando, pang'onopang'ono, akuuthandiza ndi manja.

"Tandigwira dzanja, mphwanga, ndikufuna kupita kuseri."

Ndinawadzutsa. Anakoleka mkono wawo paphewa langa, ndipo anali opepuka kuposa katundu aliyense amene ndinasenzapo. Tinadutsa pabwalo lawo pang'onopang'ono, ine ndikuponda bwinobwino ndi miyendo yanga iwiri, phazi lawo lamanzere likukhwekhwereza m'fumbi pambali panga.